Chapman anali wodula, koma mtengo wake sunali Gleyber Torres

Pali mkangano wina pakati pa masapota a baseball ku Chicago umene ukukana kufa. Unayamba pa 25 July 2016, ndipo mpaka lero munthu akangotchula dzina la Gleyber Torres, anthu amagawikana pawiri ngati pa mlandu wa malire a munda. Mbali ina imati timu ya Chicago Cubs inapusitsidwa, poti inapereka mnyamata wa zaka 19 amene akanaitumikira zaka zambirimbiri, n'kulandira woponya mpira wobwereka kwa miyezi itatu yokha. Mbali inayo siyankha n'komwe. Imangoloza chikho cha World Series cha chaka chimenecho n'kunena kuti nkhani inatha kalekale, tiyeni tikagone.

Ine ndikuti mbali zonse ziwiri zikulakwitsa masamu. Olira Torres akulira chinthu chimene chinayenera kuperekedwa, ndipo a Cubs akanachiumira akanakhala amantha. Oloza chikho nawonso akutenga mwayi ngati umboni, chifukwa chikho chimenecho chinatsala pang'ono kupulumuka m'manja mwa munthu yemweyo amene anamugula kuti achiteteze. Ndipo onsewa, kaya mwadala kaya mwangozi, amalumpha mbali ya malondawa imene inali yodula zenizeni. Tifikako. Koma poyamba tiyale mphasa bwinobwino, poti ambiri a ife tinakulira mpira wa miyendo ndipo msika wa baseball uli ndi malamulo akeake.

Ku mpira wa miyendo timu ikafuna wosewera imatulutsa ndalama. Ku Major League Baseball, ligi yaikulu ya ku America, msika waukulu ndi wosinthana anthu: ndipatse uyu, ndikupatse awa. Iliyonse mwa matimu 30 a mu ligiyi ili ndi matimu ang'onoang'ono m'matauni akutali kumene imalerako anyamata, ena ongochoka kusukulu, ena otengedwa ku Venezuela kapena ku Dominican Republic ali ndi zaka 16. Anyamata amenewa tiziwatcha mphukira. Ikafika July, sizoni ili pakati, matimu amadziyeza. Amene aona kuti chaka chino palibe chawo amagulitsa akatswiri awo n'kutolera mphukira za mawa. Amene akununkhiza chikho amathyola mphukira zawo kuti agule katswiri wa lero. Ndipo katundu amene amasowa kwambiri pa msika umenewu ndi mkono, ndiye kuti woponya mpira.

Masewero amodzi amakhala ndi zigawo 9, ndipo woponya mmodzi kawirikawiri samaliza zonse. Woyamba akatopa amalowa ena, ndiye kumapeto, timu ikakhala ikutsogola ndi mapointi ochepa, amaitana wotsekera. Ntchito yake ndi kutulutsa omenya atatu omaliza, basi. Ikumveka ngati ntchito ya ana, koma mu October, pamene matimu otsala onse ndi amphamvu ndipo mukagonja katatu kapena kanayi ndiye kuti mwalongedza, omenya atatu amenewo amalemera kuposa mwezi wathunthu wa masewero a mu May. Mu 2016 wotsekera woopsa kuposa onse anali Aroldis Chapman wa ku Cuba, wamanzere, amene mu 2010 anaponya mpira pa liwiro loposa makilomita 169 pa ola. Nthawi imeneyo anali ku New York Yankees, ndipo kontirakiti yake inali yoti itha kumapeto kwa sizoni yomweyo.

Tsono taonani a Cubs. Timu imeneyi inali isanatenge chikho kuyambira 1908. Zaka 108, abale. Anthu anabadwa, kukwatira, kuona zidzukulu n'kumwalira akudikira. Ngakhale kufika m'fainolo yeniyeniyo anakufika komaliza mu 1945, chaka chimene mwini bala wina anathamangitsidwa m'bwalo la Wrigley Field pamodzi ndi mbuzi yake, ndipo kuyambira pamenepo anthu a ku Chicago, ophunzira ndi osaphunzira omwe, ankanena za temberero la mbuzi. Nawonso ali nazo zawo. Koma mu July 2016 timuyi inali pamwamba pa matimu onse, ndipo inamaliza sizoni itapambana masewero 103. Omenya analipo, a Kris Bryant ndi a Anthony Rizzo. Oponya oyamba analipo, a Jon Lester, a Jake Arrieta ndi a Kyle Hendricks. Pamene pankakayikitsa ndi pa zigawo zomaliza. Ndiye bwana wa timuyo, Theo Epstein, anatenga anthu anayi, Torres, Adam Warren, Billy McKinney ndi Rashad Crawford, n'kuwapereka ku Yankees kuti atenge Chapman. Atolankhani atamufunsa, anawabwezera funso lofuna kudziwa kuti ngati si tsopano, ndiye liti.

Tiyambe ndi olira. Palibe akukana kuti Torres anadzakhala wosewera wabwino. Anasankhidwa m'gulu la akatswiri a ligi mu 2018 ndi mu 2019, ndipo mu 2019, ali ndi zaka 22, anamenya ma home run 38, uku ndi kumenya mpira mpaka kukagwera kuseri kwa mpanda. Koma Torres wa 2019 si amene anagulitsidwa. Amene anagulitsidwa anali mwana wa ku Venezuela wosewera ku Myrtle Beach, masitepe atatu pansi pa ligi yaikulu. Mu October 2016 sakanathandiza kanthu. Mu 2017 anavulala chigongono, nachitidwa opaleshoni, sizoni yake n'kuthera pomwepo. Ligi yaikulu anailowa mu April 2018. Komanso malo amene ankasewera anali kale ndi eni ake ku Cubs, Addison Russell wa zaka 22 ndi Javier Báez wa zaka 23. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Timu yopambana masewero 103 inali fodya wa pamphuno. Torres anali wa pachala, ndipo mphepo ya m'maligi ang'onoang'ono imauluza anyamata ambiri kuposa amene imawasiya.

Mukufuna umboni? Uli m'malonda omwewo. Pa anthu anayi aja, ndani akulira Rashad Crawford? Sanapondeko n'komwe mu ligi yaikulu. McKinney anangokhala woyendayenda, chaka chino timu iyi, chaka chamawa ina. Warren anali woponya wamba wa pakati pa masewero. Olira amasunga tikiti imodzi imene inawina, zitatu zinazo amazing'amba mwakachetechete, kenako n'kumatiuza kuti iwo ankadziwa kuyambira kale.

Ndikudziwa mizukwa imene amaidzutsa mkangano ukatentha. Mu 1987 a Detroit Tigers anapereka mnyamata wotchedwa John Smoltz kuti atenge woponya wachikulire Doyle Alexander, ndipo Smoltz anadzakhala mmodzi mwa oponya otchuka m'mbiri ya Atlanta Braves. Mu 1990 a Boston Red Sox anapereka Jeff Bagwell kuti atenge Larry Andersen kwa mwezi umodzi, ndipo Bagwell anakamenya ma home run 449 ku Houston. Nkhani zowawa, eya. Koma chifukwa chimene aliyense amazidziwira pamtima n'chakuti sizichitikachitika. Mphukira zambirimbiri zimene zinagulitsidwa n'kufota palibe amazikumbukira, poti kufota kwa mphukira si nkhani. Ndipo ngakhale Alexander yemweyo anapambana masewero 9 osagonja ngakhale kamodzi, Detroit n'kutenga gulu lake pa tsiku lomaliza la sizoni.

Mizukwa ya mbali inayi ilikonso, kungoti olira saitchula. Mu December 2012 a Kansas City Royals ananyozedwa popereka Wil Myers, mphukira yawo yonyaditsa, kuti atenge oponya James Shields ndi Wade Davis. Mu 2015 Davis ndi amene anatulutsa womenya womaliza pamene Royals inatenga chikho. Mu December 2016 a Red Sox anapereka Yoán Moncada ndi Michael Kopech kuti atenge Chris Sale. Mu 2018 Sale ndi amene anaponya mpira womaliza wa World Series, chikho n'kupita ku Boston.

Pali chinanso chimene chimandinyansa pa chikondi chopitirira cha mphukira. Mnyamata akalowa mu ligi yaikulu, timu imamugwira zaka 6 asanakhale ndi ufulu wosankha kopita, ndipo zaka zoyambirirazo amalandira pafupifupi malipiro otsikitsitsa a ligi, amene mu 2016 anali madola 507,500 pa chaka. Chapman chaka chimenecho ankalandira madola oposa 11 miliyoni. Ndiye amene amakonda mphukira kuposa wina aliyense ndi mwini timu, chifukwa ndi antchito otchipa. Sapota akamafuula kuti tisunge ana, tisunge ana, nthawi zambiri akuwerengera ndalama za bilionea amene sakumudziwa n'komwe. Iweyo aise, umagula jezi, umagona mochedwa, umathera bandulo pa timu imeneyi, ndiye chisangalalo chako chikhale choti bwana wasunga ndalama?

Ndipo mawa amene amati tizisungira aja anatha bwanji ku Cubs? Kumapeto kwa July 2021, zaka zisanu zokha chitengereni chikho, timu ija inaphwasulidwa m'masiku awiri. Bryant anapita ku San Francisco, Báez ku New York Mets, Rizzo ku Yankees, kumene anakasewera limodzi ndi Torres yemweyo. Amene akuganiza kuti Torres akanakhala ku Chicago mpaka kukalamba sanayang'ane mmene eni timu amachitira anyamata akayamba kudula. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Mu 2016 chimanga chinapsa, Epstein anatonola. Pa mfundo imeneyi ndili naye.

Tsopano kwa inu oloza chikho, musafulumire kuomba m'manja. Mfundo yanu yoti anawina ndiye kuti malonda anali abwino ndi yaulesi, ndipo masewero omaliza enieniwo amaitsutsa. Pa 2 November 2016, ku Cleveland, m'masewero a nambala 7, Cubs inkatsogola 6 kwa 3 m'chigawo cha 8. Chapman analowa patatsala omenya anayi okha kuti zaka 108 zithe. Brandon Guyer anamumenya, pointi n'kulowa. Kenako Rajai Davis, munthu amene sankadziwika ndi mphamvu, anautumiza kuseri kwa mpanda. 6 kwa 6. Mkono umene unagulidwa ndi anthu anayi unataya chimene unagulidwira. Chapman anadzigwira m'chigawo cha 9, kenako kunagwa mvula, masewero n'kuima mphindi 17. Atabwerera, Ben Zobrist ndi Miguel Montero analowetsa mapointi awiri, Cleveland inabweza imodzi, ndipo womenya womaliza anatulutsidwa ndi Mike Montgomery. Zinatha 8 kwa 7 m'chigawo cha 10.

Ndiye tandiuzeni. Cleveland ikanapeza pointi imodzi yokha m'chigawo cha 9, malonda a mu July akanasanduka oipa? Anthu ake omwewo, zifukwa zake zomwezo, zimene Epstein ankadziwa tsiku limenelo zomwezo. Chimene chikanasintha ndi kumene mpira umodzi wagwera. Ngati chiweruzo chanu chimatembenuka ndi mpira umodzi, ndiye kuti simukuweruza malonda, mukuwerenga zotsatira basi, ntchito imene ngakhale mwana wa sitandade wani angaigwire.

Cleveland ndiyo mboni yabwino pa mlanduwu, chifukwa inachita zomwezo sabata yomweyo kwa wogulitsa yemweyo. Pa 31 July 2016 inapereka mphukira zinayi ku Yankees, kuphatikizapo Clint Frazier ndi Justus Sheffield, kuti itenge woponya wamanzere Andrew Miller. Nayonso inali ndi ludzu lake, poti chikho inachitenga komaliza mu 1948. Miller anaponya modabwitsa mu October yense, mpaka kusankhidwa wosewera wopambana pamene Cleveland inkagonjetsa Toronto kuti ifike m'fainolo. Koma m'masewero omaliza aja naye anamenyedwa, ndipo David Ross, bambo wa zaka 39 amene ankasewera komaliza m'moyo wake, anamumenya home run. Cleveland inabwerera chimanjamanja. Kodi inalakwa kugula Miller? Ayi ndithu. Matimu awiri anachita chinthu chanzeru chofanana, chikho chinali chimodzi. Ndipo mwaona kuti ku Cleveland kulibe maliro a Frazier ndi Sheffield? N'chifukwa choti sanadzakhale akatswiri. Kulira konseku kumadikira kaye kuona mmene mwana wakulira, kenako n'kudzitcha nzeru.

Ngati mukufuna kuteteza malonda a Chapman, tetezani ndi zoyenera. Mu August oponya awiri amene Cubs inkadalira kumapeto kwa masewero, Héctor Rondón ndi Pedro Strop, anavulala. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mkono wapadera umagulidwira masiku otere. Mu World Series, Cubs inali kumbuyo masewero atatu kwa amodzi, kugonja kamodzi kokha ndiye kwatha. M'masewero a nambala 5 kochi Joe Maddon anaitana Chapman m'chigawo cha 7, ndipo anatulutsa omenya 8 m'malo mwa atatu a masiku onse, Cubs n'kupulumuka 3 kwa 2. Popanda usiku umenewo, za mvula ija sitikanazimva. Ndipo mkono umene Davis anaumenya unali wotopa, chifukwa Maddon anamugwiritsanso ntchito m'masewero a nambala 6 timu ikutsogola ndi mapointi asanu. Chapman mwiniwake anadzadandaula poyera za kagwiritsidwe ntchito kameneka. Ameneyo ndi mlandu wa kochi, usalowe m'buku la wogula.

Pa za m'bwalo, ndiye, malonda anali oyenera pa tsiku limene anachitika, chikho chibwere kapena chisabwere. Apa pakanathera nkhani. Koma pali funso limene mbali zonse ziwiri zimalidumpha ngati chithaphwi: Chapman anapezeka bwanji ku Yankees poyamba?

Mu October 2015, Chapman akusewerabe ku Cincinnati Reds, apolisi anaitanidwa kunyumba kwake ku Florida. Mayi amene anali naye pa chibwenzi anauza apolisi kuti anamukankha ndi kumukanyanga pakhosi. Chapman anavomera kuti anawombera mfuti ka 8 m'galaja ya nyumbayo. Oimira boma pa milandu sanamuzenge mlandu, ponena kuti maumboni ankatsutsana ndipo sanali okwanira. Iye anakana kuti anavulaza mayiyo. Ligi inafufuza payokha n'kumuimitsa masewero 30 kumayambiriro kwa 2016, ndipo anali woyamba kulangidwa pansi pa lamulo latsopano la ligiyo lokhudza nkhanza za m'banja. Chilangocho anachilandira osachita apilo.

Tsono onani mmene msika unaiwerengera nkhaniyi. Mu December 2015 a Los Angeles Dodgers anali atatsala pang'ono kumugula, koma nkhani ya apolisi itatuluka anabwerera m'mbuyo. Mtengo unagwa. A Yankees anatola, napereka ku Cincinnati anyamata anayi amene palibe ndi mmodzi yemwe anadzakhala katswiri, ndipo bwana wawo Brian Cashman sanabise kuti mtengo unasintha chifukwa cha zimene zinachitikazo. Chapman anatha masewero ake 30, anaponya bwino miyezi iwiri ndi theka, mtengo unakwera. A Yankees anamugulitsa ku Cubs n'kutenga Torres. Sizoni itatha, mu December 2016, anamutenganso pa kontirakiti ya zaka zisanu ya madola 86 miliyoni. Anagula motchipa, kugulitsa modula, katundu n'kubwereranso m'sitolo. Masapota ambiri amaitcha ntchito ya ukatswiri. Koma kutchipa kumene anapindula nako kunachokera pa usiku umene mayi wina anaimbira apolisi ali ndi mantha. Phindu limenelo ndi limene linasanduka Gleyber Torres.

A Cubs nawonso ankadziwa zonse. Mwini timu, Tom Ricketts, anatulutsa chikalata chonena kuti analankhula ndi Chapman za khalidwe limene akuyembekezera. Tsiku loyamba ku Chicago, atolankhani atamufunsa za kukambirana kumeneko, yankho limene linatuluka kudzera mwa womasulira linali loti anali atangodzuka kutulo ndipo sakukumbukira bwino. Mu August, Chapman atangomaliza kuponya pa Wrigley Field, woimba nyimbo za m'bwalo anaika nyimbo imene mutu wake umanena za kumenya mkazi. Anachotsedwa ntchito, timu inapepesa. Wa nyimbo ndi amene anaona msana wa njira, poti iye saponya makilomita 160 pa ola. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ku baseball, ukaipa dziwa kuponya.

Ndipo kumbukirani chifukwa china chimene Torres anaonekera wosafunika msanga: malo ake anali ndi mwini, Addison Russell. Mu 2018 Russell naye anaimitsidwa masewero 40 pansi pa lamulo lomwelo la nkhanza za m'banja, ndipo a Cubs anamusungabe chaka chotsatira. Kamodzi munthu angati zinangochitika. Kawiri ndiye kuti ndi mmene nyumbayo imaganizira.

Ndikumva kale mayankho. Wina akuti khoti silinamupeze wolakwa. Zoona, ndipo ine sindikumuweruza m'malo mwa khoti. Koma zipolopolo 8 zija anazivomera yekha, ndipo chilango cha ligi anachilandira yekha. Wina akuti anamaliza chilango, munthu ali ndi ufulu wobwerera pa ntchito. Zoonanso. Kungoti mpata wachiwiri umene umaperekedwa kwa othamanga mkono okhaokha si chifundo, ndi bizinesi. Akanakhala woponya wamba, matimu omwewa akanamusiya n'kutulutsa chikalata chokoma chonena za makhalidwe awo abwino. Wina akuti a Cubs akanatani, poti ankafuna wotsekera. Msika sunali ndi munthu mmodzi. Miller anagulitsidwa masiku 6 pambuyo pake kuchokera m'sitolo yomweyo. Mark Melancon anachoka ku Pittsburgh kupita ku Washington pa 30 July. Mwina akanadula kwambiri, mwina sakanaopsa ngati Chapman, koma zosankha zinalipo, ndipo timu inasankha.

Amene analipira mbali imeneyi ya mtengo si Epstein, si Ricketts. Ndi masapota, makamaka amayi, amene anadikira chikho moyo wawo wonse ngati wina aliyense, ena a iwo odziwa bwino kulira kwa chitseko chomenyetsedwa usiku, amene anauzidwa kuti kuti asangalale ayenera kuimirira n'kuchemerera munthu ameneyu m'chigawo cha 9. Ena mwa masapota a Cubs anapeza njira yawo: Chapman akatseka masewero, iwo ankapereka ndalama ku mabungwe othandiza ozunzidwa m'mabanja. Anthu amenewa ndi okhawo pa nkhani yonseyi amene anawerenga mtengo wonse. Sanasiye timu yawo, sananamizire kuti sakusangalala, koma anakananso kunamizira kuti palibe ngongole.

Sindikunena kuti chikho chibwezedwe, kapena kuti amene analira ndi chimwemwe usiku umenewo achite manyazi. Anthu anapita kumanda kukauza makolo awo kuti zatheka, ena analemba mayina a abale awo omwalira ndi choko pa khoma la Wrigley Field. Chimwemwe chimenecho chinali chenicheni ndipo n'chawo. Chimene ndikukana ndi buku la masamu la mizere iwiri yokha, uku ma home run a Torres, uku chikho, ngati kuti zonse zimene zinasinthana manja mu July uja zinali za m'bwalo. Walira mvula walira matope. Olira Torres akuloza matope olakwika, pamene oloza chikho akuti matope kunalibe.

Ndipo musaganize kuti inali nkhani ya chaka chimodzi. Mu June 2023 a Texas Rangers, amene anali asanatengepo chikho chiyambire, anapereka woponya wachinyamata Cole Ragans ku Kansas City kuti atenge Chapman yemweyo kwa miyezi yochepa. Rangers inatenga chikho chaka chimenecho. Ragans anasankhidwa m'gulu la akatswiri a ligi mu 2024. Ndiye mkangano uja unangosamukira ku Texas ndi katundu wake yense: awa akuti tinataya mwana, awo akuti taonani chikho. Torres naye anachoka ku Yankees kumapeto kwa 2024 atasewerako masizoni 7 opanda chikho, n'kupita ku Detroit. Mphukira imene anthu ankaimenyera nkhondo inadzakhala wosewera wabwino amene timu yake inamulola kupita, monga zimakhalira ndi ambiri.

Ndiye mkanganowu ukadzabukanso, ndipo udzabuka July aliyense timu ina ikadzathyola mphukira kuti igule mkono, funsani zimene timuyo inkadziwa pa tsikulo komanso ngati chimanga chinalidi chitapsa. Ngati chinapsa, asiyeni atonole, mwanayo akakule kwina, mumufunire zabwino. Mukatero mufunsenso chifukwa chimene katunduyo analili pa msika, ndi amene anapwetekedwa kuti mtengo wake ufike pamene unafika. Funso lachiwirili silikoma pa gulu la WhatsApp la anyamata okhaokha, limaziziritsa macheza. Lifunseni choncho.